Chipewa cha Greenwell

Barking, London
6 Malichi 1996

Okondedwa azakhali a Edna,

Bambo amwalira Lolemba m'mawa kuchipatala. Ndikudziwa kuti uthenga wa pa lamya unakupezani kudzera kwa bambo aang'ono a Rogers, koma ndati mumvenso kuchokera kwa ine amene ndinalipo. Landirani moni, inu ndi onse a pakhomo ku Linthipe. Ine ndilipo.

Thupi lili kwa undertaker, wosamalira mitembo, konkuno ku Barking. Kuti libwere kumudzi pakufunika mapepala a boma ndi a ndege, ndipo zimenezi zitenga masabata angapo. Amalawi akuno akumakumana ku Peckham Lamlungu lililonse kuti athandize. Za ulendo musade nazo nkhawa.

Chimene ndikulembera ndi ichi. Sabata yawo yomaliza bambo anandifunsa kuti, "Kodi Edna adzandiyimbira?" Ndinati, "Alekerenji, si mlongo wanu?" Anaseka pang'ono nati, "Iwe wakulira kwa azungu. Ine ndine wodulidwa mu mpingo. Wodulidwa amapita kumanda ngati thumba la chimanga, anthu ali duu." Ndinawauza kuti oyimba anzawo alipo ambiri, sangalephere kubwera. Anapukusa mutu. "Bandi ayi. Bandi ndakhala nayo moyo wanga wonse. Ndikufuna amayi a maduku oyera aja, oyimba mokoka, kuchokera pakhomo mpaka kumanda."

Sabata imeneyo sanapemphe china chilichonse.

Ine ndikungodziwa kuti anadulidwa mu 1978, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mundiuze lamulo likuti chiyani kwenikweni, amagamula ndani, ndipo angafune umboni wotani.

Ndine mwana wanu,
Ellen


Linthipe
15 Malichi 1996

Wokondedwa mwana wanga Ellen,

Kalata yako a Rogers abwera nayo dzulo pa basi. Tili bwino m'thupi, koma mitima yasweka. Anthu akubwera kudzapepesa, timangokhala nawo pamphasa, maliro opanda mtembo. Iwe uli bwanji wekhawekha kumeneko? Ukudya?

Sunanene kuti achimwene anadwala chiyani. Kuno munthu woyimba akamwalira asanakalambe, pachitsime amamaliza okha nkhani. Akunong'ona kale kuti ndi matenda a masiku anowa. Ndiuze kuti ndidziwe choyankha.

Lamulo lili chonchi. Wodulidwa akamwalira abusa sabwera, ife amayi a mvano sitivala yunifolomu, ndipo nyimbo za mpingo siziyimbidwa. Mkulu wa mpingo mmodzi amangopemphera mwachidule kumanda, basi. Ogamula ndi bwalo la akulu a mpingo. Lingathe kusintha ngati pali umboni woti munthuyo anabwerera asanafe.

Bambo akowo anali mtsogoleri wa kwaya kuno asanamere ndevu. Akayamba nyimbo, ngakhale agogo ogona m'tchalitchi ankadzuka. Ndiye anagula gitala kwa munthu wina wochokera ku Joni, nayamba nyimbo za kantiri zija, za azungu oweta ng'ombe, koma m'Chichewa. Tsiku loyamba kumveka pa wailesi mudzi wonse unakadzaza pa golosale, ine ndemwe ndinaliza nthungululu. Koma wailesi inawatengera ku mahotela ndi m'mabala, Loweruka kukesa, Lamlungu kugona. Bwalo linawadula chifukwa cha zimenezo.

Mlembi wa bwalo tsopano ndi a Edgar, amene ankayimba nawo kwaya imodzi. Uwalembere kalata. Usachulukitse mawu. Ungonena kuti bambo ako anasiya gitala ndi malo omwera mowa, nabwerera kwa Mulungu. Ine ndi wapampando wa mvano pano, ndikanena mawu amamveka, koma ndiyenera kukhala ndi chogwira m'manja.

Ndine azakhali ako,
Edna


Kawale, Lilongwe
18 Malichi 1996

Ellen mwanawe,

Moni kumeneko. Ife tilipo, ana akupereka moni. Pepa kwambiri.

Ukanakhala kuno ukanadabwa. Wailesi ikuyika "Basi Yomaliza ya ku Dedza" m'mawa ndi madzulo. Mu msika makaseti a achimwene atha, anyamata akujambula ena usana wonse, chithunzi chake chomwe chija atavala chipewa chawo cha kauboyi. Nyuzipepala ina yalemba kuti Greenwell Chikadza, Kauboyi wa ku Linthipe, anali msilikali wa ufulu amene anathawa ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndinawerenga kawiri. Anthu omwewa mu 1983, achimwene atapanda kubwerera, ankawoloka msewu akandiona. Nyimbo zinazimiririka pa wailesi, ife tinasanduka abale a chigawenga, azakhali akowo anakafunsidwa mafunso ku polisi tsiku lathunthu. Lero wondigulira fanta sasowa.

Bwana wina wa ndale wabwera kunyumba yekha. Akuti apereka lole, tenti, masipika ndi bandi. Chimene akupempha n'chochepa: chipewa chiikidwe pamwamba pa bokosi kuti ojambula ajambule, ndipo iwe ulankhule pang'ono za mmene bambo ako anazunzikira kunja chifukwa cha dziko lawo. Ngati pali nyimbo za ndale zimene anasiya, ubwere nazo.

Za mpingo usazitengere ku mtima. Alongo angawo akuonda nazo chabe. Akulu a mpingo akakana kuyimba, masipika adzayimba, ndipo adzamveka mpaka ku Nkhoma.

Chipewacho usaiwale.

Ndine bambo ako aang'ono,
Rogers


Barking, London
27 Malichi 1996

Okondedwa azakhali ndi bambo aang'ono,

Moni nonse. Makalata anu onse awiri ndalandira, ndipo ndikuyankha pamodzi. Iyi ndapatsira Mable, mtsikana wa ku Area 25 amene wamaliza maphunziro ku Greenwich ndipo akubwerera Loweruka.

Ndiyambe ndi inu, bambo aang'ono. Ntchito yanga ndi ya mu library, ndipo nyuzipepala zakale za kwathu zimene zimasungidwa kuno ndinaziwerenga. Mu 1976 ankati bambo ndi mawu a golide. Mu 1981 ankati ndi chidakwa chochedwa pa siteji. Kuchokera 1983 sanawatchulenso. Lero akuti msilikali wa ufulu. Mwa mayina onsewa, oyamba awiri ndiwo anali ndi umboni.

Bambo sanathawe ndale. Anabwera kuno ndi bandi kwa miyezi itatu. Munthu wina anawalonjeza kuti awajambulira mbale ya nyimbo mu studio ya ku London, ndipo iwo anali atalengeza kale kwathu kuti adzabwera nayo. Mbaleyo sinajambulidwe. Anzawo anakwera ndege, iwo anatsala poopa kusekedwa, ndipo pamene ankafuna kubwerera anamva kuti kwathu akutchedwa chigawenga. Nyimbo ya ndale analibe ngakhale imodzi. Ankayimba za mabasi, za akazi owathawa ndi za amayi awo. Ntchito yawo kuno inali kuyendetsa minicab, takisi ya kuno. Zimenezi ndikhoza kuzinena pa maliro ngati bwanayo akufuna. Zinazo sindinena.

Azakhali, kalata imene mwapempha sindingailembe momwemo, chifukwa bambo gitala sanasiye. Lachisanu lililonse ankayimba mu bala ina, pub ya ku Dagenham, kwa anthu a ku Ireland okonda kantiri, mpaka Novembala watha. Ankawatcha African Cowboy, ndipo ena mwa iwo anabwera kuchipatala. Koma izi nazonso n'zoona: mowa anasiya mu 1989, ndipo ine amene ndakhala nawo nyumba imodzi chimwalirire mayi sindinawaonenso atalawa. Kuyambira 1991 sanajombe Lamlungu ku tchalitchi china ku Peckham, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ambiri kumeneko ndi a ku Ghana. Bambo ankatsogolera nyimbo.

Ndaikamo kalata ya abusa a kumeneko, ndi Chichewa chake chimene ndamasulira. Ndaikamonso chithunzi cha mu Januwale, tsiku lomaliza limene anaima kutsogolo kwa mpingo. Mtanda ukuoneka bwino kumbuyo kwawo. Ndikhulupirira kuti bwalo likaona ndi maso silifunanso mawu anga.

Za matenda, uzani anthu kuti si zimene akuganizazo. Zambiri bambo anandiletsa kunena.

Ellen


Linthipe
14 Epulo 1996

Ellen,

Moni. Tilipo.

Bwalo linakhala dzulo ndipo lakana.

Zinayamba bwino. A Edgar anawerenga kalata ya abusa aja mpaka kumapeto. Za pub ndinanena ndekha, poti iwe unakana kubisa. Mkulu wina anati munthu woyimba pakati pa oledzera iye osalawa ndiye kuti ali ndi mphamvu kuposa ena a ife, anthu n'kuseka. Abusa athu ankagwedeza mutu. Ndinaona kuti zatheka. Ndiye ndinatulutsa chithunzi chako.

Chinayenda dzanja ndi dzanja. Chitafika kwa a Edgar anachiyang'ana nthawi yaitali, navula magalasi. Anati, "Mayi, muno ndi m'nyumba ya Mulungu?" Ndinati eya, suwo mtanda. Anati, "Nanga kumutuku?"

Mwana iwe, bambo ako ali kutsogolo kwa mpingo, pansi pa mtanda, chipewa chili pamutu! Ine ndinali nditachiwona chithunzicho kunyumba, koma misozi inanditseka, ndinkangoyang'ana mmene anaondera.

Iwe sudziwa zimene zinachitika mu 1978. Bwalo linawaitana kawiri osabwera. Kachitatu anabwera, nalowa m'chipinda chomwechi atavala chipewa chimenecho. Mkulu wina wokalamba anati, "Greenwell, vula chipewa, uli pamaso pa akulu." Iwo anati, "Chipewachi chikudziwika dziko lonse, inu akudziwani ndani?" Anatuluka osavula. Gitala anthu anaiwala, mabala anaiwala, koma mawu amenewo palibe anaiwala. Atatu mwa amene analipo tsiku limenelo anali pa bwalo dzulo.

Mmodzi anati, "Ndi chomwe chija. Sanavulebe." Nkhani inathera pomwepo.

Unatumiziranji chithunzi chimenechi? Kodi kumeneko amuna savula chipewa m'tchalitchi? Ngakhale mwana wa sukulu ya Sande amadziwa. Ndipo achimwene nawonso, zaka zonsezi, mtima womwe uja? Ndagona ndikuwakalipira munthu woti anafa.

A Rogers akuti masipika alipo. Ndawauza kuti atseke pakamwa.

Edna


Barking, London
18 Epulo 1996

Okondedwa azakhali,

Moni. Kalata yanu bambo aang'ono anditumizira pa fax ya kuntchito kwawo, ndipo iyi ibwera njira yomweyo.

Chipewacho ine sindinachione. Ndachiona pamutu pawo moyo wanga wonse, moti pa chithunzi maso anga anangochidumpha. Za 1978 sanandiuzepo. Tsopano ndinena zimene anandiletsa, chifukwa kubisa kwavulaza mwini wake yemwe.

Bambo anali ndi chotupa mu ubongo. Anachitidwa opaleshoni mu Disembala. Anawang'amba kuchokera pa khutu lamanzere mpaka pa liwombo, fupa lina anachotsa, ndipo mbali imeneyo inalowa m'kati. Mankhwala anathothola tsitsi lonse. Atadziyang'ana pa galasi anati, "Usalembe kumudzi. Andikumbukire ndi tsitsi langa." Munthu amene nkhope yake inali pa makaseti sanafune kuti imeneyo ikhale yomaliza.

Zaka zonse ku Peckham ankavula chipewa pa masitepe, asanafike n'komwe pakhomo, n'kuchiika pansi pa mpando. Aliyense wa kumeneko anganene zimenezi. Lamlungu la mu Januwale lija anavulanso. Kamtsikana kena katawaona kanakuwa, nakabisala kwa mayi ake, ndipo anthu ankayang'ana pansi. Bambo anatembenuka kuti azipita. Abusa anatsika kutsogolo, natola chipewacho, nawaveka ndi manja awo. Anati, "Brother Green, Mulungu waliona kale balalo. Tiyimbireni." Anayimba nyimbo ziwiri atagwira mpando. Chithunzicho chinajambulidwa pamenepo.

Ndinali pa mzere wachiwiri. Sindikuwonjezera kanthu.

Chonde kaperekeni izi kwa a Edgar, muwapemphe kuti bwalo likhalenso. Mapepala a ndege atsala pang'ono kutha.

Ellen


Linthipe
23 Epulo 1996

Mwana wanga,

Ndalandira. Ndinawerenga ndili m'munda wa mtedza pomwe a Rogers anandipeza, ndipo ndinakhala pansi pa mzere. Mchimwene wanga kung'ambidwa mutu, ine ndikupalira, osadziwa kanthu. Mawu aja ndinakulembera, undikhululukire. Uli bwanji tsopano?

Ndinapita kwa a Edgar madzulo omwewo. Anawerenga, naliranso, poti paja anali mnzawo. Koma anati bwalo likhalanso mu Juni, ndipo poti abusa apita kukayendera mipingo ya kumapiri, iwo monga mlembi sangaliitanitse okha. Anatinso, "Mayi, ine ndikukhulupirira. Koma enawo adzati mwana aliyense amaikira kumbuyo bambo ake. Chithunzi anachiona ndi maso, izi ndi mawu a pa pepala." Ndinawafunsa ngati mtembo ungadikire Juni.

Ndiye ndaganiza chonchi. Zaka makumi atatu ndayimbira maliro m'midzi yonse ino, ena a anthu amene sindinkawadziwa n'komwe, ena a anthu amene tonse tinkadziwa zochita zawo koma anafa dzina lili m'buku. Wa bere limodzi ndi ine sapita ngati thumba la chimanga. Bulauzi yoyera ndi duku ndazipinda, ndaika m'sutikesi. Lamulo la yunifolomu sindiphwanya. Ndidzavala chitenje changa chakuda, ndipo ndidzayimba.

Ndawauza a Edgar kuti asadzadabwe. Anati, "Mukudziwa chimene chidzatsatire? Upampando muutaya, ndipo pa mgonero mudzayamba mwaima." Ndinati ndikudziwa, malamulowo ndimaphunzitsa ndine. Amayi anzanga sindinawapemphe. Ali ndi ana ofuna ubatizo, sindifuna kuwaika pa moto. Ndidzayimba ndekha, nyimbo imene mayi athu ankaikonda, yomwe achimwene anayamba nayo kutsogolera kwaya. Mawu anga anatha, koma njira ya kumanda si yaitali.

A Rogers ndawauza kuti bandi yawo ilire pa tenti anthu akabwerako. Kuchokera pakhomo mpaka kumanda sipika isalire. Anayamba zoti bwana uja akhumudwa. Ndinati mbumba ino mwini maliro ndine, bwanayo akafuna adikire ake.

Bwera naye mchimwene wanga.

Azakhali ako,
Edna


Barking, London
28 Epulo 1996

Okondedwa azakhali,

Moni. Mapepala onse atha. Tinyamuka Lachitatu madzulo, ndipo ndege itera ku Lilongwe Lachinayi pa 2 Meyi. Bambo aang'ono adzatichingamira ndi lole.

Dzulo ndinapita kwa undertaker kukawaveka. Suti ndi yakuda ija ankavala ku Peckham. Mzunguyo anandifunsa ngati awaveke chipewa, kapena aphimbe balalo ndi nsalu, poti amadziwa kukonza kuti lisaoneke. Ndinati ayi, asiye momwemo.

Bokosi lili ndi galasi kumutu. Pa nthawi yoona nkhope, aliyense wodutsa adzaona zimene kamtsikana kaja kanaona. Ndikudziwa kuti ndaphwanya lonjezo. Bambo anapempha zinthu ziwiri, kuti akumbukiridwe ndi tsitsi lawo ndi kuti ayimbiridwe, ndipo zaoneka kuti ziwirizi sizingayendere limodzi. Chachiwiricho ndicho ananena komaliza.

A Edgar anati enawo amakhulupirira za maso. Akabwera kudzaona nkhope, aone. Chimene adzachite sindikudziwa, ndipo sindikuwerengera. Bwalo likadzakhala mu Juni pa nkhani yanu, adzakhala ataona.

Chipewa chili m'chikwama changa cha m'manja. Pa bokosi sichikhala, bambo aang'ono andikhululukire. Ndidzakupatsani inu, muchite nacho chimene mungaone.

Mwati mudzayimba nokha. Ine si wa mpingo wanu, palibe chimene bwalo lingandilande. Nyimboyo ndaipeza m'buku la nyimbo la bambo, tsamba lake linali lopindidwa, ndipo ndakhala ndikuiloweza mu sitima ya District line popita kuntchito. Ndikuchenjezeni: bambo ankati ndikamayimba amayang'ana pawindo kuti aone amene akuliza hutala. Mawu awo sindinatengere. Koma ndime zonse zinayi ndazigwira.

Maliro akhale Lachisanu monga mwakonzera. Bokosi likatuluka pakhomo, inu muyambe. Ine ndidzalandira.

Ndine mwana wanu,
Ellen